Magolovesi a ku Lesotho

Pa anthu onse amene amamira pansi pa nyanja kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche, panalibe wodzimva ngati Winston Longwe. Ntchito yake inali yoperekeza alendo pansi pa madzi pa loji ina ya kufupi ndi Makuzi: kuwamangirira silinda ya mpweya kumsana, kutsika nawo pang'onopang'ono, kuwaonetsa mbuna m'miyala, kenako kuwabweza kumtunda ali amoyo. Ntchitoyo ankaidziwa, tisamunamizire. Zaka khumi ndi chimodzi, palibe mlendo ndi mmodzi yemwe amene anamwa madzi ali m'manja mwake. Chotopetsa chinali chakuti munthuyo ankafuna kuti aliyense amuone. Akavuuka, asanavule n'zopalasira za kuphazi zomwe, ankayamba waitanitsa chipeso. Nsapato ankapolisha kawiri pa tsiku, munthu woti ulendo wake wonse ndi wa pamchenga.

Mwezi wa Epulo kunabwera foni kuchokera kwa mlamu wake Griffin Manda, mchimwene wa mkazi wake Agness. Griffin anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi ku Lesotho, pa damu lina la m'mapiri kumene amaweta nsomba m'makhola a maukonde oyandama. Maukondewo amang'ambika, ndiye pamafunika anthu omira kuti akawasoke pansi pomwepo. Griffin tsopano anali kapitawo wa anthu amenewo.

"Alamu, malo apezeka amodzi," anatero Griffin. "Bwana wati ndibwere ndi munthu amene ndikumukhulupirira. Ndikubwera ku tchuthi mu Julaye, ndidzakuyesani ndekha. Mukadzakhoza, tidzanyamukira limodzi. Mukadzalephera, ndidzakusiyani. Pamenepa chibale palibe."

Mawu otsirizawo Winston anawamva n'kuwaika kunkhongo. Sabata yomweyo analemba kalata yosiya ntchito, masamba awiri a Chingerezi chokhachokha, n'kukaipereka atavala tayi. Manijala wa lojiyo, mayi wa ku Balaka amene sanamulakwirepo kanthu, anauzidwa pamaso pa ophika ndi otchetcha kuti madzi a kuno amuchepera Winston. Mayiwo sanatalikitse nkhani. Anamufunira zabwino, ndipo mwezi usanathe analemba munthu wina.

"Ada, mwasiya ntchito musanayesedwe n'komwe?" anafunsa Agness atamva.

"NyaManda, amene akudzandiyesayo ndinamuphunzitsa ndine kupuma ndi paipi. Mwaiwala?"

Agness sanaiwale, koma mtima wake unali m'mwamba. Ulendowo nayenso ankaufuna, mwinanso kuposa mwamuna wake. Nyumba yawo ya njerwa inaima pa mawindo kwa zaka zinayi, udzu ukumera m'chipinda chogona, ndipo mwana wawo wamkulu anali pafupi kulemba mayeso a sitandade eyiti. Malo amodzi a ku Lesotho aja ndiwo anali denga ndi sukulu yomwe.

Mu Meyi kunafika kathumba kudzera kwa anthu onyamula katundu wa ku Joni. Munali mapeya awiri a magolovesi abuluu, peya yaikulu ndi yaing'ono. Golovesi iliyonse pothera pake inali ndi khosi la labala wakuda, wofewa, wogwira pamkono kuti madzi asalowe ngakhale dontho. Munalinso magolovesi ena aubweya, otuwa, osaoneka bwino, ndi kabotolo ka paudala. Tsiku lomwelo Griffin anatumiza mawu pa foni.

"Mvetserani bwino, alamu. Kunoko madzi amazizira moti dzanja lopanda kanthu silichedwa kufa. Abuluuwo salowa madzi, koma paokha satenthetsa. Otenthetsa ndi aubweyawo. Ndiye muyambe mwavala aubweya, kenako muyese mapeya onse awiri pamwamba pake. Musankhe amene zala zikupinda momasuka, ngakhale aoneke oipa bwanji. Tsiku lililonse muzisoka ukonde mutawavala mpaka zala zizolowere, chifukwa mayeso anu ndi amenewo. Pa labala wakudayo muziwaza paudala basi. Mafuta ayi. Dzuwa ayi."

Winston anamvetsera kamodzi, ataima pagalasi. Anavala aubweya, n'kuvala peya yaikulu ija pamwamba. Zala zinkapinda bwinobwino, koma manjawo anaoneka ngati akunyamula phava la nthochi. Anadziyang'ana, nkhope n'kugwa. Anavula zonse, aubweya n'kuponya pabedi, n'kulowetsa dzanja lopanda kanthu mu peya yaing'ono. Imeneyo inagwira chala chilichonse bwinobwino, mpaka zikhadabo kuonekera. Anatembenuza dzanja uku ndi uku ngati mkwatibwi woonetsa mphete.

"Anga ndi awa," anatero.

"Nanga aubweyawa alowa mmenemo?" anafunsa Agness.

"Amenewo ndi a nkhalamba. Kuzizira ndimakudziwa ine. Ndinagonapo pa Chikangawa lole itafa, mwezi wa Juni, ndili ndi shati yokha." Anatola peya yaikulu ija n'kumuponyera mkazi wake. "Awa muone nawo chochita."

Kusankha kunathera pamenepo, pagalasi, madzi ali mamita mazana awiri kuchokera pakhomo.

Ndipo m'madzimo magolovesiwo sanalowemo. Chinthu chatsopano, chochokera kunja, n'kuchinyowetsa? Winston anawaika m'kabati ya galasi, pamodzi ndi makapu a alendo. Akafuna kupita pa Chintheche ankawavala, n'kukwera njinga yamoto masana dzuwa likuswa mtengo, atagwira mapewa a woyendetsa kuti aliyense wa m'mbali mwa msewu aone zabuluuzo. Ku tchalitchi ku Bandawe sankawavala, kamanyazi kanali kakadalipo, koma ankawapinda m'thumba la jekete mochenjera, zala zitatu zikusuzumira kunja. Mapemphero akatha pankakhala kagulu pansi pa mtengo, Winston ali pakati, akufotokoza za chipale chofewa chimene sanachionepo ndi za nsomba zimene sanazidyepo. Amuna ena ankagwedeza mitu. Amayi ankatsinana.

Msodzi wina, Mackson, mnzake wa kuubwana, anamubweretsera chidutswa cha ukonde wakale ndi singano yosokera kuti aziyeserera. Winston anathokoza kwambiri, n'kupachika ukondewo mu mtengo wa mango. Unakhala mmenemo mpaka nkhuku zinayamba kugonamo. Agness akamukumbutsa, yankho linali limodzi: bambo ake anali msodzi, ndipo iye anadziwa kusoka ukonde asanadziwe kulemba dzina lake. Zimenezo zinali zoona. Vuto la Winston linali limeneli, kuti matama ake ambiri anali ndi kachoonadi mkati, ndiye kumutsutsa kunali kovuta.

Tsiku lina anaona kuti labala wakuda uja akuoneka mbuu chifukwa cha paudala. Kwa Winston chinthu cha mbuu chinali tchimo. Anapukuta paudala yense ndi kansanza, n'kutenga mafuta odzola, omwe aja amapaka ana m'miyendo popita kusukulu, n'kupaka labalayo mosamala, mkati ndi kunja. Kenako anakayanika magolovesiwo pa lata la khitchini kuti mafuta alowerere, monga mmene amachitira ndi nsapato. Madzulo ake labala anali psiti, akuwala. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse inali ntchito yake.

"Achimwene anati mafuta ayi," anatero Agness.

"Achimwene anu ndi munthu wabwino, koma za kusamala katundu cha, sadziwa. Munaiona jekete imene anabwera nayo pa maliro a amalume?"

Agness anabwerera ku ntchito zake. Anali atakhala naye zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankadziwa kuti mawu ake m'nyumbamo amalemera mofanana ndi a wailesi.

Griffin anafika Lachinayi lina mu Julaye, atawonda, milomo itang'ambika, wosalankhulalankhula. Lachisanu anapumula, madzulo n'kutsikira kunyanja yekha. Loweruka m'mawa, mwera utaleka, anatsikira kunyanja ndi chikwama chachikulu. Anabwereka masilinda awiri, n'kupempha Mackson kuti awatenge pa boti lake. Ankaganiza kuti adzakhala anthu atatu. Anapeza pagombe pali khamu: asodzi, amayi ogula nsomba ndi mabokosi awo a ayezi, ndi ena ongobwera kudzaona, chifukwa Winston anali atalengeza mudzi wonse. Agness anaima chapatali, atapinda manja.

Winston anafika mochedwa pang'ono, monga amachitira anthu ofunika, magolovesi atawakulunga mu mpango woyera.

"Mweuli, alamu?" anapereka moni mokweza kuti onse amve. "Katundu wanu uyu. Muone nokha mmene ndamusamalira."

Griffin anatenga golovesi imodzi. Anagwira labala wakuda uja, chala n'kumatirira ngati wagwira chingamu. Anakoka pang'ono, labalayo anatamuka koma sanabwerere. Ananunkhiza.

"Mwapaka chiyani apa?"

"Mafuta pang'ono. Anali mbuu ukongwa, osaoneka bwino m'pang'ono pomwe."

"Ndinati chiyani za mafuta?"

"Inu mumanena za kozizira. Kuno n'kotentha, chinthu chimauma."

Griffin anabweza golovesiyo pa mpango uja. "Chabwino. Bweretsani peya yaikulu ija. Ndiyonso ya manja anu, awa ndi aang'ono."

Winston anayang'ana mkazi wake. Agness anayandikira, nkhope ili pansi.

"Achimwene, alamu anuwa anandipatsa ine. Ndimavala pokavuula chinangwa ku dziwe, manja asamachite zilonda. Koma labala wa pamkonoyo ankandithina, ndiye ndinadula ndi lumo."

Wina m'khamumo anaseka chikhakhali, ena n'kutsatira. Griffin anatsinzina kwa kanthawi ngati munthu amene akupemphera chamumtima.

"Aubweya ali kuti?"

"Ali kunyumba. Mkatimu sakwana."

"Ndiye tisavutike, alamu. Tiyeni tikakambirane kunyumba."

Mlamu wake ankamupatsa njira yochokera pamaso pa anthu ulemu ukadalipo. Munthu wanzeru akanaitenga. Winston anatembenukira ku khamu lija, n'kutambasula manja.

"Alamu, mwachoka ku Lesotho kudzayesa munthu kapena kudzayesa labala?"

Anthu anaseka, tsopano ali mbali yake. Griffin anawerama, n'kutsegula chikwama chake chija.

"Valani," anatero.

M'chikwamamo munali suti ya kozizira, yakuda, yokhuthala, yosalowa madzi, ya zipi yodutsa kumsana. Kuivala pa mchenga wa ku Chintheche kunali kudziphika wekha. Thukuta linayenderera m'khosi mwa Winston zipi isanatsekedwe, koma anapirira, chifukwa sutiyo inkamukhala bwino. Anapereka foni kwa Mackson kuti amujambule katatu: chakutsogolo, cham'mbali, ndi atakweza manja abuluuwo m'mwamba.

Ali m'boti, Griffin anafotokoza mayesowo. Dzulo lake anali atamangirira ukonde pa miyala, mamita khumi ndi awiri pansi, ndipo anaung'amba chiboo choti mwana n'kudutsapo. "Musoke chiboocho mutavala magolovesi, mubwere pamwamba manja ali ouma. Basi. Ine ndikhala pambali panu."

"Zokhazo?" anatero Winston, n'kuluma paipi.

Anadzigwetsa chagada monga mwa nthawi zonse, ndipo madzi anamulandira monga mwa nthawi zonse. Pansi pa nyanja Winston ankasanduka munthu wina, wofatsa, wosachita phokoso, mwina chifukwa pakamwa pamakhala potseka. Anatsika motsatira chingwe cha nangula. Pa mamita asanu anamva magolovesi akumugwira. Pa mamita khumi anali akumuluma. Madzi amapanikiza chilichonse chokhala ndi mpweya mkati, ndipo popanda aubweya aja panalibe chotchinga: labala anamatirira pakhungu, kukoka ubweya wa pa zala, kufinya mfundo iliyonse. Atafika pa ukonde, zala zinkapinda theka lokha.

Anatulutsa singano. Singano yosokera ukonde imafuna chala chachikulu chigwire ulusi pamene chinzake chikuzunguliza mfundo, ndipo zonsezo munthu amachita momva ndi khungu, osati moona. Winston sankamva kanthu. Mfundo yoyamba inatuluka yolobodoka. Yachiwiri inagwira diso lolakwika. Pa yachitatu singano inapulumuka n'kulendewera pa ulusi wake, timbuna tikuizungulira. Anayang'ana cham'mbali. Griffin anali pomwepo, atapinda manja, mathovu akukwera mwadongosolo.

Winston anapsa mtima. Anakoka golovesi ya kumanja pamkono kuti imasuke pang'ono, ndipo labala wosamalidwa Loweruka lililonse uja anang'ambika mosavuta ngati tsamba la nthochi. Madzi analowa, ofunda, okoma. Kulumako kunatha. Koma tsopano golovesi inali thumba la madzi, ikukupiza, nsonga za zala zikukodwa m'maso a ukonde.

Apa Winston anachita chimene chinamuonekera chanzeru. Anavula golovesiyo n'kuitsomeka mu lamba. Anavulanso ya kumanzere. Anatambasula zala zake m'madzi a kwawo, n'kutola singano.

Kusoka kumene kunachitika pamenepo kunali kokoma kukuona, zoona zinenedwe. Singano inkalowa ndi kutuluka yokha, mfundo zikugwa mofanana, diso lililonse kukula kwake kumodzi. Griffin anagogoda silinda ndi mpeni, n'kuloza m'mwamba kuti atuluke. Winston anamuona, n'kupitiriza. Griffin anagogodanso. Winston anamaliza mzere wotsiriza, anadula ulusi, anakoka ukondewo ndi manja awiri kuti mlamu wake aone kulimba kwake, kenako ndiye anayamba kukwera.

"Mwaona?" anatero atangolavula paipi, akadagwira m'mphepete mwa boti. "Maminitsi angati?"

"Eyiti," anayankha Griffin.

"Kwanuko alipo amene amasoka chonchi?"

"Palibe."

Winston anaseka mpaka Mackson anasekanso. Ulendo wonse wobwerera kumtunda ankafotokoza mmene labala wa masiku ano alili wachabechabe, ndi kuti akafika ku Lesotho akauza bwanayo kuti asinthe kogula. Griffin ankangoyang'ana madzi.

Boti litagunda mchenga, anthu anathamangira. Winston anakweza chala chachikulu, amayi ena n'kuyamba nthungululu. Griffin anadutsa pakati pawo, n'kupita kwa mayi wina wogula nsomba. Anapempha ndowa ndi zibuma ziwiri za ayezi. Anatunga madzi a m'nyanja, anaphwanyiramo ayeziyo, anavundula, anaviikamo wotchi yake yomira nayo imene imaonetsa kuzizira kwa madzi, anawonjezera madzi pang'ono, n'kuiviikanso. Kenako anaika ndowayo pamchenga, patsogolo pa Winston.

"Madzi a kumene ndimagwira ntchito, mwezi uno, ndi awa," anatero. "Munavula magolovesi, ndiye mayeso aja mwalephera. Koma ndinu alamu anga, ndikupatsani ena. Ikani manja onse awiri mmenemu kwa maminitsi eyiti omwe aja. Mukatulutsa, mumange mfundo zitatu pa ukonde uwu. Zitatu zokha. Mukamanga, ndikupezerani magolovesi ena, tinyamuka limodzi."

Agness anayandikira mpaka kuima kumbuyo kwa mwamuna wake. Mumtima ankapemphera, ngakhale kuti munthu amene ankamupemphererayo anali atamukwana.

"Ine mantha cha," anatero Winston. Anagwada, n'kuviika manja mpaka m'mikono.

Miniti yoyamba ankacheza. Anafunsa mayi wa nsomba uja ngati alibe botolo la zoziziritsa kukhosi loti aikemo limodzi. Miniti yachiwiri nthabwala zinachepa. Ululu unayambira m'zikhadabo, n'kulowa m'mafupa, n'kukwera mpaka m'zigongono, ululu wa mtundu umene sanaumvepo, wosiyana ndi wa Chikangawa monga mmene kulumidwa ndi udzudzu kumasiyanirana ndi kuzulidwa dzino. Pa miniti yachinayi anali atakukuta mano, thukuta likutsika pamphumi, munthu akupsa m'suti manja akuuma ndi chisanu. Akanatha kutulutsa. Anayang'ana miyendo ya anthu yomuzungulira, n'kupirira. Cha pa miniti yachisanu ndi chimodzi ululu unayamba kuchepa, ndipo anamwetulira, poganiza kuti wapambana.

"Kwatha kupweteka," anatero.

"Ndikudziwa," anatero Griffin, maso ali pa wotchi. "Tulutsani."

Manja anatuluka otuwa, zala zitapindika pang'ono. Griffin anamuikira singano m'dzanja la kumanja. Inagwa pamchenga. Winston anawerama kuti atole. Ankaiona singanoyo, ankaona zala zake zili pamwamba pake, ankaziuza kuti zigwire, koma zinkangoikankha uku ndi uku. Anaipana ndi zikhatho ziwiri ngati mwana wophunzira kugwira kapu, n'kuifikitsa pa ukonde. Diso la ukonde linali pomwepo, lalikulu, loti n'kulowetsamo dzira. Singano inapita pambali. Anayesanso, inalowa, koma chala chachikulu chimene chinkayenera kugwira ulusi chinangogona pamenepo ngati cha munthu wina. Ulusi unasololoka.

Pagombe panali zii. Kenako mayi wina kumbuyo analephera kudzigwira, kuseka kunamupulumuka m'mphuno, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Winston anayesa kachitatu, kachinayi. Mantha anamugwira, mantha enieni, oyamba pa moyo wake wonse wa m'madzi. Manja amenewa ndiwo ankawadalira kuposa chilichonse, ndipo anali atamukana pamaso pa mudzi wonse, dzuwa likuwala.

Griffin anamulanda singano mofatsa. Analankhula motsitsa, koma pa bata limenelo aliyense anamva.

"Pansi paja, zala zimenezi ndi zomwe zimatsegula mpweya. Ndi zomwe zimamasula lamba ukonde ukakukola. Chaka chatha tinali ndi munthu wa ku Beira, katswiri ngati inu. Golovesi inamusowetsa mtendere, anaivula kuti amalize msanga. Ine ndi amene ndinakamutenga, tsiku lachiwiri, ndi amenenso ndinaimbira foni mkazi wake. Kusoka mumadziwa, alamu, kuposa tonse. Koma ndinagogoda silinda kawiri, munandiona, simunatuluke. Ndinati mafuta ayi, munapaka. Munthu wosamva kumeneko amafa, ndipo foni yachiwiri sindikufuna idzakhale ya mlongo wanga. Sindikutengani."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito. Mayi wa nsomba anatenga ndowa yake, n'kutolamo tizidutswa ta ayezi totsala. Mackson anaika foni ya Winston pamwamba pa silinda, n'kupita kukakoka boti.

"Alamu," anatero Winston, mawu atachepa, "ku loji analemba wina."

"Ndamva."

"Mutandipatsa mwezi umodzi. Ndiyeserera tsiku lililonse. Aubweya aja alipo."

"Bwana akufuna munthu sabata ya mawa. Lolemba ndidzera ku Mangochi, kuli wina amene ndinamutumiziranso magolovesi." Griffin anapita kumbuyo kwake n'kutsegula zipi ya suti, chifukwa yekha sakanatha. Anamuvula ngati mwana, anapinda sutiyo, n'kuibweza m'chikwama. Podutsa pafupi ndi mlongo wake anaima. "Undikhululukire, Agi."

"Palibe chimene mwalakwa, achimwene," anatero Agness. Misozi inali m'maso, koma inali ya mkwiyo.

Anatsala awiri. Magazi anayamba kubwerera m'manja mwa Winston, ndipo kubwerera kwake kunapweteka kuposa kuchoka kwake, ngati wina akumubaya ndi singano zamoto m'zala zonse khumi. Anakhala pamchenga ndi kabudula yekha, manja atawapana m'khwapa, akudziweyula. Misozi inatsika, ndipo anaisiya, poti wowona akanati ndi ya ululu wa manja.

Kuchokera kumtunda, cha kunyumba kwawo, kunkamveka wina akuyesa zokuzira mawu, ndipo utsi unkakwera pakati pa mitengo ya mango. Winston anali atalamula kuti mbuzi iphedwe m'mawa womwewo, iye asanatsikire kunyanja. Anali ataitana akulu a mpingo, kwaya ya amayi, ndi achibale a ku Kande kuti adzatsanzikane naye masana. Mipando anabwereka ku tchalitchi.

Agness anamvetsera kwa kanthawi, n'kumanga chitenje chake mwamphamvu.

"Ada, nyama yapsa, ndipo anthu akhala kale pansi. Mukawauza ndinu, kapena ndikawauze ndine?"

Winston sanadzutse mutu.

"Mukawauze ndinu," anatero.

Agness anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akufuna adzakumbukire bwino zimene waona. Kenako anatembenuka n'kukwera njira ya kumudzi yekha.